Chiwembu Chimene Sichinapezeke: Mmene 1959 Inatiphunzitsira Kukayikira Nkhani za Zigawenga

Lachiwiri, pa 3 Malichi 1959, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Angerezi, Alan Lennox-Boyd, inaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku London ndi kuuza aphungu kuti boma latulukira chiwembu choopsa ku Nyasaland. Inati atsogoleri a Nyasaland African Congress anapangana zopha azungu, amwenye ndi anthu akuda onse amene ankagwirizana ndi boma. Wachiwiri wake, Julian Amery, anathirirapo ndemanga kuti boma likanachedwa, mwazi ukanayenderera monga unayenderera ku Kenya. Kutacha, nkhani inali m'nyuzipepala za ku Mangalande, za ku Salisbury ndi za ku Johannesburg, mitu yake ikuluikulu. Amene anaiwerenga kumeneko anapuma mpweya wabwino, nati boma lapulumutsa anthu.

Pamene nduna zija zinkalankhula, mitembo inali itagona kale padoko la Nkhata Bay. Inali ya Atonga ndi anansi awo, anthu amene anabwera opanda mfuti kudzafunsa za abale awo otsekeredwa m'sitima. Pa mitembo yonseyo panalibe wa mzungu ngakhale umodzi.

Nkhani imeneyi ndimaibwereza kawirikawiri ndikamva achinyamata akudabwa chifukwa chake akuluakulu athu sathamangira kukhulupirira wailesi ikanena kuti kwakutikwakuti kwagwidwa zigawenga. Gogo amayamba wafunsa kuti yanena ndi wailesi iti, ndipo waziona ndani ndi maso ake. Ena amayesa ndi ukalamba chabe. Ine ndimati ndi nzeru imene tinaigula ndi mwazi, ndipo ili ndi mbiri yake.

Kuti timvetse chifukwa chake bodza la 1959 linamera msanga, tiyambe ndi munda umene linagweramo, womwe unalimidwa ku Kenya. Mu Okutobala 1952 boma la atsamunda kumeneko linalengeza Emejensi pofuna kuthana ndi gulu la Mau Mau. Gululo linaphadi anthu, ndipo sitingabise. Mu Januwale 1953 linapha banja la a Ruck pafamu yawo, pamodzi ndi mwana wa zaka 6, ndipo zithunzi za chipinda cha mwanayo zinayenda dziko lonse lapansi. Mu Malichi chaka chomwecho, ku Lari, a Mau Mau anatentha nyumba za Akikuyu anzawo amene anali kumbali ya boma, naphamo anthu oposa 70, ambiri amayi ndi ana. Zimenezi zinalembedwa mwatsatanetsatane. Chimene sichinalembedwe mokwanira n'chakuti kutangocha, asilikali a boma ndi alonda awo anabwezera, ndipo ofufuza mbiri amati obwezerawo anapha anthu ochuluka kuposa amene anafa usiku uja.

Nkhondo yonseyo itatha, azungu wamba amene anaphedwa ndi Mau Mau anali 32. Anthu akuda amene boma linawanyonga anali 1,090, ndipo amene linavomera lokha kuti linawapha kunkhalango anaposa 11,000, osawerengera zikwi zambirimbiri za amene anavutikira m'misasa ya ukaidi. Komabe munthu wowerenga nyuzipepala ku London ankadziwa chinthu chimodzi: kuti munthu wakuda akayamba ndale, mapeto ake ndi chikwanje pakhosi pa mwana wa mzungu. Dzina loti Mau Mau linasanduka ngati belu. Ukangoliliza, anthu amaleka kufunsa mafunso. Ngakhale pamene Rawson Macharia, mboni yaikulu pa mlandu wa Jomo Kenyatta ku Kapenguria, analumbira mu 1958 kuti ananama atalonjezedwa maphunziro ku Mangalande ndi ntchito m'boma, belu lija silinasiye kulira.

Kuno kwathu mkwiyo unali ndi magwero ake odziwika. Mu 1953 Angerezi anatikakamiza kulowa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mafumu ndi anthu akukana poyera. Amuna athu ambiri anali atagwirako ntchito kumigodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndiye ankadziwa bwino za chitupa, za tsankho ndi za kulandidwa malo. Sanafunike munthu wochokera ku Accra kapena ku Cairo kuti awauze. Kumidzi kunalinso malamulo a malimidwe: munthu ankalipitsidwa chindapusa, mwina kumangidwa kumene, chifukwa cha mizere ndi milambala ya m'munda mwake momwe. Dr Hastings Kamuzu Banda atatsika ndege ku Chileka pa 6 Julayi 1958, anapeza nkhuni zili zouma kale. Mu Ogasiti anamusankha kukhala mtsogoleri wa Congress pa msonkhano wa ku Nkhata Bay, ndipo kuyambira pamenepo kulikonse kumene ankapita, khamu linkamuyankha kuti Kwacha.

Nanga munthu wofuna kumva nkhani ankazipeza kuti? Nyasaland Times ya ku Blantyre inali ya azungu a m'maesiteti ndi amalonda, ndipo inkaona dziko ndi maso awo. Msimbi inkalembedwa m'chinenero chathu koma mwini wake anali boma. Wailesi, imene ambiri ankaimvera pa kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, inkaulutsa mawu kuchokera ku Lusaka, ndipo itagwa m'manja mwa boma la Chitaganya anthu anayamba kuiona ngati pakamwa pa nduna yaikulu ya Chitaganya, Sir Roy Welensky. Munthu wakuda wolankhula zokomera Chitaganya ankatchedwa kapirikoni, dzina lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society, ndipo mpaka lero liwu limeneli likadali ndi ululu wake. Choncho chikayiko chinalipo kale 1959 isanafike. Chimene chinasowa ndi umboni wakuti kukayikako kunali koyenera.

Pa 24 Januwale 1959 Congress inachititsa msonkhano wadzidzidzi ku Blantyre. Tsiku lotsatira, Lamulungu pa 25, nthumwi zinakumananso panja, kutchire, kutali ndi makutu a apolisi. Kamuzu sanapiteko. Zimene zinakambidwa kumeneko ndiye phata la nkhani yonse. Apolisi achinsinsi analandira malipoti kuchokera kwa akazitape awo, ambiri mwa iwo anthu amene sanakhale nawo pa msonkhanowo, ongomva za akuti-akuti. Malipotiwo atawasoka pamodzi, panatuluka nthano yoti Kamuzu akadzangomangidwa, utsogoleri udzagwa m'manja mwa Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Dunduzu Chisiza ndi mayi Rose Chibambo, ndipo anayiwa adzatchula tsiku lodula mawaya a telefoni, kugumula milatho ndi kupha Bwanamkubwa, ma DC, apolisi, amishoni, mafumu okonda boma, mpaka akazi ndi ana.

Bwanamkubwa wa nthawiyo, Sir Robert Armitage, anali munthu woti anapsapo kale. Anali ku Cyprus mu 1955 pamene gulu la EOKA linayamba kuphulitsa mabomba, ndipo anamuchotsako pomuona ngati wofooka. Welensky ku Salisbury ankamukankha kuti achitepo kanthu. M'dziko munalidi chipwirikiti: mu Febuluwale anthu analanda bwalo la ndege ku Fort Hill, komwe lero ndi Chitipa, ku Karonga kunali zipolowe, misewu inkatsekedwa ndi mitengo, magalimoto ankagendedwa. Asilikali a Chitaganya anayamba kutsika ndege m'dziko muno, ndipo pa 26 Febuluwale boma la Southern Rhodesia linalengeza Emejensi yake ndi kugwira anthu pafupifupi 500, ngakhale kumeneko kunali bata.

Mbandakucha wa pa 3 Malichi inafika nthawi yathu. Anaitcha Operation Sunrise. Kamuzu anamugwira kunyumba kwake ku Limbe ali ndi zovala zogonera, namukweza ndege kupita kundende ya Gwelo, komwe anakakhala ndi Chipembere ndi abale awiri a Chisiza, Dunduzu ndi Yatuta. Ena anawatengera ku Khami, pafupi ndi Bulawayo, ena anawaunjika ku Kanjedza. Rose Chibambo anali woyembekezera; anamudikira kuti achire, kenaka anamutengera kundende ya Zomba khanda lili m'manja. Chiume anapulumuka chifukwa anali kunja kwa dziko. Otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu anaposa 1,300.

Ku Nkhata Bay, amene anagwidwa kumpoto anawaika m'sitima ya Mpasa kuti iwatengere kumwera. Mbiri itawanda, anthu anatsika m'mapiri ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, nasonkhana kuboma, kenaka nalunjika kudoko. Kumeneko kunali asilikali ochepa achizungu a Royal Rhodesia Regiment, anyamata osadziwa chinenero cha anthuwo ngakhale mtima wawo, ongomva kuti ku Nyasaland kwabuka Mau Mau ina. DC John Brock anayesa kubweza khamulo kwa maola angapo akudikira asilikali ena amene anachedwa panjira. Atalephera anapereka mphamvu kwa asilikali aja, ndipo mfuti zinalira. Boma linawerenga akufa 20. Anthu a ku Nkhata Bay amawerenga 31. Emejensi yonse inatenga miyoyo ya anthu akuda 51 malinga ndi chiwerengero cha boma lomwelo, ndipo mzungu sanafe ndi mmodzi yemwe.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi zonse. Nkhani ya chiwembu inapha anthu isanayesedwe n'komwe. Msilikali amene wauzidwa kuti khamu limene lili patsogolo pake linapangana zodula anthu makosi saona amayi ndi madoda ofunsa za abale awo. Chala chake chimakhala chili kale pa mfuti.

Kodi azungu a m'dziko muno anakhulupirira? Yankho lina linachokera ku Khondowe. Ndege ya boma inazungulira pamwamba pa mishoni ya Livingstonia ndi kuponya uthenga wofunsa amishoni ngati akufuna kusamutsidwa, ndi kuwauza kuti ayankhe ndi chizindikiro pansi. Amishoni ndi anzawo akuda anakhala pansi nakambirana. Ndege itabweranso, woyendetsa anaona pa kapinga njerwa zopakidwa laimu zitandandalikidwa kuti EPHESIANS 2-14, ndime ya Aefeso yonena za Khristu amene anagumula khoma lolekanitsa mitundu ya anthu. Anthu amene ankanenedwa kuti ali pa mndandanda wophedwa anasankha kugona pakati pa amene ankanenedwa kuti adzawapha. Njerwa zimenezo zinatsutsa nduna ya ku London kuposa nkhani iliyonse imene inalembedwa sabata imeneyo.

Ku Mangalande nakonso okayikira analipo, ngakhale poyamba mawu awo anali ochepa. Aphungu a chipani cha Labour anafunsa kuti umboni uli kuti. Nyuzipepala ya The Observer, imene inali ndi mtolankhani wodziwa Africa, Colin Legum, ndi Manchester Guardian sizinameze nkhaniyo yonse. Chiume ali ku London anayenda m'misonkhano kukana za chiwembu. Mpingo wa Church of Scotland, umene unali ndi ana ake ku Blantyre ndi ku Livingstonia, unkalandira makalata onena zosiyana ndi za boma, ndipo pa msonkhano wake waukulu mu Meyi unapempha kuti mphamvu zipite kwa anthu akuda. Panalinso funso limene boma linalephera kuliyankha: ngati Bwanamkubwa ankadziwa kuti anthu apangana kupha azungu onse, bwanji polengeza Emejensi pa wailesi sanatchule chiwembucho?

Tsoka la boma linali lakuti tsiku lomwelo la 3 Malichi, ku msasa wa Hola ku Kenya, akaidi 11 a Mau Mau anafa. Chikalata choyamba cha boma chinati anafa atamwa madzi a m'ngolo yonyamulira madzi. Dokotala atapima mitembo ndi woweruza atafufuza, zinadziwika kuti anamenyedwa ndi zibonga mpaka kufa chifukwa chokana kugwira ntchito. Maboma awiri a atsamunda, tsiku limodzi, nkhani ziwiri zokayikitsa. Nduna yaikulu Harold Macmillan anaona kuti sangathawe, ndipo anatuma bungwe lofufuza za Nyasaland.

Analitsogolera ndi jaji wa khoti lalikulu, Sir Patrick Devlin. Anzake anali Sir Percy Wyn-Harris, amene anakhalapo Bwanamkubwa wa Gambia, Sir John Ure Primrose wa ku Perth ku Scotland, ndi E. T. Williams wa ku Oxford, yemwe pa nkhondo yachiwiri anali mkulu wa zaukazitape pansi pa mkulu wa asilikali Montgomery, munthu wodziwa kusiyanitsa lipoti loona ndi mphekesera. Boma linkayembekeza kuti anthu otere aliyeretsa. Iwo anafika mu Epulo, nayenda m'dziko muno milungu isanu, napitanso ku Southern Rhodesia kukamva akaidi. Anamva mboni 455 payekhapayekha ndi anthu ena pafupifupi 1,300 m'magulu. Anachita chinthu chimene atolankhani ambiri a mu Malichi sanachite: anafunsa kuti wanena ndani, anali pomwepo kodi, ndipo walandira chiyani.

Lipoti lawo linatuluka pa 23 Julayi 1959. Linati pa msonkhano wa kutchire panalidi mawu aukali, ena analankhuladi za kumenya ndi kupha, ndipo Congress inali itapendekera ku ziwawa. Linatinso zinthu zitafika pamene zinafika, boma linayenera kusankha pakati pa kuchitapo kanthu ndi kutula pansi ulamuliro. Za Chipembere ndi Dunduzu Chisiza silinakhulupirire zonse zimene ananena, ndipo za kuombera kwa ku Nkhata Bay silinadzudzule DC, chinthu chimene mpaka lero chimandiwawa. Koma pa nkhani yaikulu linanena mosapita m'mbali: chiwembu chokonzedwa chopha anthu mwachisawawa panalibe, ndipo Kamuzu sakanavomereza zotere. Linapeza kuti asilikali ndi apolisi anamenya anthu pogwira, anatentha nyumba ndi kulanda katundu mosatsata lamulo. Linati kukana Chitaganya sikunali kwa anthu ochepa ophunzira ayi, kunali kwa pafupifupi aliyense. Ndipo pa tsamba loyamba penipeni linati Nyasaland, ngakhale mwina kwa kanthawi, yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, momwe munthu sangayerekeze kunena poyera kuti amagwirizana ndi Congress.

Boma la Macmillan silinagwade. Linaitanitsa Armitage, ndipo nduna ndi alembi anakhala ku Chequers, nyumba ya nduna yaikulu, kumapeto kwa sabata kulemba chikalata chotsutsa, chimene anachitulutsa tsiku limodzi ndi lipotilo kuti nyuzipepala zisakhale ndi mawu a Devlin okha. Pa 28 Julayi, m'Nyumba ya Malamulo, boma linatola m'lipotimo zokoma zokha ndi kutaya zowawa, ndipo linapambana voti. Koma mlandu suola. Mu Okutobala Iain Macleod analowa m'malo mwa Lennox-Boyd, pa 1 Epulo 1960 Kamuzu anatuluka m'ndende, ndipo mu Juni Emejensi inatha. Pofika nthawiyo Orton Chirwa ndi mnyamata Aleke Banda anali atayambitsa kale Malawi Congress Party mu Sepitembala 1959, kenakanso nyuzipepala yake, Malawi News, chifukwa anthu anali ataphunzira kuti wopanda cholankhulira chake amanenedwa ndi ena.

Pali kankhani kena ka nthawi yomweyo kamene sitikonda kukakamba, koma n'koyenera. Mu Januwale 1960 Macmillan anafika ku Blantyre, ndipo ali pa nkhomaliro ku hotela ya Ryall's, anthu anachita zionetsero panja. Atolankhani a ku London amene anabwera naye, ena ochokera ku nyuzipepala zomwe zija zinafalitsa za chiwembu, tsopano analemba za nkhanza zoopsa za apolisi achizungu. Jaji Frederick Southworth atafufuza anati nkhanizo zinakokomezedwa, ndipo khungu lonse limene linasupuka tsikulo silikanakwana kuphimba sitampa. Ambiri anati jajiyo ankaikira kumbuyo apolisi, ndipo mwina ankaterodi. Chimene ndimatolapo ine n'chakuti mphepo itatembenuka, cholembera chinatembenuka nayo, koma khalidwe linali lomwe lija: kufika lero, kulemba zogulitsa pepala, kukwera ndege mawa. Nkhani yotikomera nayonso imafunika kuifunsa mafunso.

Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti amene ananamiziridwa mu 1959 anatola chida chomwecho atangolandira dziko. Tinalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo pofika Sepitembala nduna zinali zitagawanika ndi Kamuzu. Chipembere, Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza, Rose Chibambo, anthu omwe aja Angerezi anawatcha opha anthu, tsopano anatchedwa zigawenga ndi boma lawo lomwe. Ena anagwiradi mfuti. Chipembere anaukira Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, mu Febuluwale 1965 nakabwerera pa doko la Liwonde, ndipo Yatuta Chisiza anafera kumalire a Mwanza mu Okutobala 1967. Koma liwu loti chigawenga silinathere pa ogwira mfuti. Linagwera mphunzitsi amene sanagule khadi la chipani, mlembi amene analandira kalata yochokera ku Dar es Salaam, mudzi wonse wa Moto ku Mangochi, a Mboni za Yehova. Amayi ankaliimba m'nyimbo pa misonkhano, MBC inkalibwereza m'mawa ndi madzulo, ndipo panalibe wailesi ina m'dziko yoti ikane. Mu 1968 kunabwera lamulo lopima mabuku ndi zofalitsa zonse, ndipo mu 1973 atolankhani angapo anatsekeredwa chifukwa cha nkhani yokhudza nkhondo ya ku Mozambique.

Mu Meyi 1983 mtundu unauzidwa kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza akuthawa m'dziko. Palibe nyuzipepala ya m'dziko muno imene inafunsa funso. Koma m'nyumba, zitseko zitatsekedwa, anthu ankayang'anana, ndipo usiku ankatsitsa mawu a wailesi n'kusaka BBC kapena wailesi za maiko oyandikana nafe. Patapita zaka zoposa khumi, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi jaji Michael Mtegha linapeza kuti anayiwo anaphedwa ndi apolisi, galimoto n'kuikankhira kuphompho. Mu Malichi 1992 maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo, Malawi News, yomwe ija inabadwa kuti iyankhe mabodza a atsamunda, ndiyo inawalalatira ngati oukira boma. Anthu anawerenga, napinda pepala, ndipo pa 14 Juni 1993 anakayankha ndi voti.

Lero liwu lija likumvekanso kufupi ndi kwathu. Kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pamene anthu a mfuti anaukira apolisi ku Mocímboa da Praia, chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique chili pa moto. Kumeneko sikuli ngati kwathu mu 1959. Opha anthu alipodi, amadula anthu mitu, amatentha midzi, amaba ana, ndipo anthu mazanamazana a zikwi anathawa kwawo. Wonena kuti zonsezo n'zopeka akunyoza maliro a anzathu. Komabe taonani njira imene nkhani zake zimayendera. Mbali imodzi kuli gulu la Islamic State, limene kuyambira mu 2019 limathamangira kulengeza pa intaneti kuti zimene zachitikazo ndi ntchito yake, chifukwa mantha a anthu ndiwo chakudya chake, ndipo aliyense wotumiza kanema wake pa WhatsApp amaligwirira ganyu yaulere. Mbali ina kuli boma limene kwa nthawi yaitali silinkafuna maso a alendo ngakhale a eni dziko. Amade Abubacar, mtolankhani wa wailesi ya m'dera ku Macomia, anagwidwa mu Januwale 2019 akucheza ndi anthu othawa nkhondo, nakhala m'chitokosi miyezi yoposa itatu. Ibraimo Mbaruco wa wailesi ya ku Palma anasowa pa 7 Epulo 2020 atatumizira mnzake uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali.

Tauni ya Palma itaukiridwa pa 24 Malichi 2021, makanema a kunja anadzaza ndi nkhani ya alendo ogwira ntchito za gasi amene anatsekerezedwa mu hotela ya Amarula. Boma linalankhula za anthu makumi angapo akufa. Pambuyo pake mtolankhani Alex Perry ndi gulu lake anayenda khomo ndi khomo kufunsa mabanja, ndipo anawerenga anthu oposa 1,000 akufa kapena osowa, pafupifupi onse eni dera, asodzi ndi alimi. Ndi masamu omwe aja a ku Lari ndi ku Nkhata Bay: ena amawerengedwa ndi mayina tsiku lomwelo, ena amadikira zaka kuti wina abwere ndi kope kudzafunsa.

Ku Kenya kudikirako kunatenga zaka zoposa 50. Mu 2011 boma la Britain linavomera kuti linabisa mafailo zikwizikwi a nthawi ya atsamunda ku Hanslope Park, ndipo mu Juni 2013 linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa okalamba 5,228 amene anazunzidwa m'misasa. Kuno kwathu timakumbukira 3 Malichi chaka ndi chaka. M'nthawi ya Kamuzu linali tsiku la zii, wailesi ikuimba nyimbo zachisoni ndi kuulutsa sewero la John Chilembwe, munthu osayerekeza kuseka pamsewu. Masiku ano akuluakulu a boma ndi a mipingo amapita ku Nkhata Bay kukaika nkhata za maluwa pa chipilala cha ofera dziko, ndipo mabanja a ophedwa akhala akupempha kuti Britain iwapepese. Pa anthu oposa 1,300 amene anatsekeredwa chaka chimenecho, palibe ndi mmodzi yemwe amene boma linamutengera kukhoti ndi kumupeza wolakwa pa mlandu wa chiwembu chopha azungu.